Momwe mungalawire mowa wakuda wa amonke a ku Bavaria ndi kuupatsa malikisi

Botolo la mowa wakuda wa ku Germany likalowa m'nyumba, kaya mwaligula nokha ku Munich kapena ku London, kaya wabwera nalo m'bale wochokera kunja, kawirikawiri limakumana ndi tsoka lomwelomwelo. Amaliika m'firiji mpaka lichite kuwawitsa mano, kenako amatsekula n'kumamwera m'botolo momwemo. Wina poona kuti mowawo ndi wakuda amayembekezera kuti ukhala wowawa ngati stout, ndiye akamva kukoma kwa buledi ndi kutsekemera pang'ono amati ndi wopanda mphamvu. Winanso poona chithunzi cha tchalitchi ndi chaka chakalekale palebulo amayamba kuutamanda usanafike n'komwe palilime. Onse awiriwa sanaulawe mowawo. Kulawa kumayamba ndi kudziwa chimene wofulula ankafuna kupanga, kenako n'kufunsa mphuno ndi lilime ngati chimenecho chilimodi m'tambula. Malangizo awa ndi a anthu akuluakulu amene amamwa kale ndipo akufuna kuchita zimenezi pakhomo, ali ndi anzawo awiri kapena atatu, pepala ndi cholembera.

Kwawo kwa mowa umenewu ndi ku Bavaria, kumwera kwa Germany. M'mphepete mwa mtsinje wa Danube, pafupi ndi tawuni ya Kelheim, pamene mtsinjewo umapanikizika pakati pa matanthwe aatali, pali nyumba ya amonke a chipani cha Benedict Woyera yotchedwa Weltenburg. Eni ake amati mowa unayamba kufululidwa pamalopo mu 1050. Mowa wawo wotchuka ndi Barock Dunkel, wa maperesenti 4.7, umene unatenga mendulo ya golide pa mpikisano wa World Beer Cup mu 2004, mu 2008 ndi mu 2012. Ali ndi winanso waukali, Asam Bock, wa maperesenti pafupifupi 7, umene dzina lake limakumbutsa abale awiri, Cosmas Damian Asam ndi Egid Quirin Asam, omwe anamanga ndi kukongoletsa tchalitchi cha pamalopo m'zaka za m'ma 1700. Kumwera chakumadzulo kwa Munich, paphiri loyang'ana nyanja ya Ammersee, kuli Andechs. Amonke a Benedict anafikako mu 1455, ndipo mpaka lero malo ofululira mowa a kumeneko ndi awo. Phindu lake limayendetsa nyumba yawo ndi ntchito zachifundo, kuphatikizapo kuthandiza anthu osowa pogona mumzinda wa Munich. Doppelbock Dunkel yawo ndi ya maperesenti 7.1. Ku Ettal, m'mapiri a Alps, amonke akhala akufulula kuyambira mu 1609.

Komatu si botolo lililonse lokhala ndi nkhope ya mmonke limene limachokera kwa amonke. Mu 1803 boma la Bavaria linalanda nyumba zambiri za amonke ndi katundu wake, ndipo malo ofululira ambiri sanabwererenso m'manja mwa mpingo. Weihenstephan, ku Freising, imene imati inayamba mu 1040, lero ndi ya boma la Bavaria. Paulaner, Franziskaner ndi Augustiner zinatenga mayina a zipani za amonke, koma ndi makampani. Ngakhale Weltenburg yomwe, mu 1973 inapereka kayendetsedwe ka malonda ake a mowa kwa kampani ya Bischofshof ya ku Regensburg. Izi sizitanthauza kuti mowa wa makampaniwa ndi woipa. Ena mwa iwo ndi abwino kwambiri. Ndikungofuna kuti mbiri musaipatse malikisi. Iwerengeni, ikusangalatseni, koma papepala lanu palibe mzere wake.

Mawu a palebulo amene muyenera kuwazindikira ndi ochepa. Dunkel kapena Dunkles ndi mowa wakuda wa tsiku ndi tsiku, wa maperesenti pakati pa 4.5 ndi 5.6. Doppelbock ndi mkulu wake, wolemera ndi waukali, woyambira maperesenti pafupifupi 7 kupita m'tsogolo. Mayina ambiri a Doppelbock amathera ndi -ator, monga Curator wa ku Ettal, potsanzira Salvator amene amonke a Paulaner ankafulula ku Munich kuti awapatse mphamvu m'nyengo ya Lenti. Mukaona mawu akuti Weissbier kapena Weizen pambali pa Dunkel, ameneyo ndi mowa wa tirigu, wosaonekera kuseri, wonunkhira nthochi, ndipo zimene ndikulemba pano sizikumukhudza. Schwarzbier nayenso ndi mtundu wina, wakuda kwambiri ndi wowawirako ngati khofi. Nambala yolembedwa pafupi ndi mawu akuti Stammwürze imasonyeza kuchuluka kwa zotsekemera zimene zinali m'madzi a chimera mowa usanawire: Dunkel amakhala cha pa 12 kapena 13, Doppelbock amayambira pa 18. Pomaliza funafunani mawu akuti "mindestens haltbar bis". Deti lotsatirapo, lolembedwa tsiku, mwezi, kenako chaka, ndilo malire amene wofulula akulonjeza kuti mowawo ukhala uli bwino. Dunkel amene watsala ndi milungu yochepa, kapena wadutsa kale, musamutenge ngati woimira mtundu wake.

Tsono n'chifukwa chiyani mowa wakuda chonchi sukhala wowawa? Yankho lili m'chimera. Lamulo limene Wilhelm IV, wolamulira wa Bavaria, analengeza ku Ingolstadt pa 23 Epulo 1516 linalola balere, maluwa a hops ndi madzi basi. Yisiti inadzawerengedwa pambuyo pake. Wofulula wa ku Bavaria, atamangidwa manja chonchi, anaphunzira kutulutsa kukoma kochuluka m'chimera chokhacho. Chimera cha mtundu wa Munich amachiumitsa pa kutentha kokwererapo chikadali ndi chinyezi, motero chimafiirira osapserera. Ofulula ambiri a mowa wakuda amatsatanso njira yakale yotapa gawo la phala la chimera, kuliwiritsa palokha, n'kulibwezera mumphika waukulu, ena kawiri, ena katatu. Chimene chimachitika m'phalalo ndi chomwe chimachitika pansi pa poto wa nsima: nkhoko zikafiirira bwino zimakoma kuposa nsima yomwe, koma zikapserera zimawawa. Stout imapangidwa dala ndi balere wokazingidwa mpaka kuda bii, ndiye kuwawa kwa kupserera ndi mbali ya kukoma kwake. Mu Dunkel ndi mu Doppelbock kupserera ndi cholakwa. Ngati mungakumbuke chinthu chimodzi pa zonse zimene zili pano, chikhale chimenechi.

Chachiwiri ndi yisiti. Mowawu umawira pamalo ozizira, cha pa madigiri 8 mpaka 12, ndi yisiti imene imakhazikika pansi, kenako umagonekedwa milungu ingapo pa kuzizira koyandikira madigiri 0. Mwambowu unakhazikika mu 1553, pamene Albrecht V, wolamulira wa Bavaria, analetsa kufulula m'chilimwe, n'kulola kuyambira pa 29 Seputembala mpaka pa 23 Epulo basi. Yisiti yowira mozizira siponya fungo lakelake m'mowa, imasiya chimera kuti chimveke. Amene anamwapo Carlsberg Green kapena Brown ku Malawi akuudziwa kale mtundu umenewu, chifukwa J. C. Jacobsen, amene anayambitsa Carlsberg, anakatenga yisiti yake ku Munich mu 1845 kwa Gabriel Sedlmayr wa kampani ya Spaten, ndipo mowa wake woyamba mu 1847 unali wa kafululidwe ka ku Bavaria. Fakitale ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1968, inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Choncho kuika tambula ya lager wamba amene mumamudziwa pambali pa Dunkel ndi nzeru: mumamva msanga chimene chimera chofiiriracho chawonjezera.

Kukonzekera kumayamba dzulo lake. Botolo limene layenda ulendo liimikeni chilili pamalo amdima ndi ozizira, tsiku limodzi kapena awiri. Firiji yapakhomo imakhala cha pa madigiri 4, ndipo pamenepo fungo la chimera limatsekeka, mumangomva kuzizira ndi mpweya. Dunkel amafuna madigiri 8 mpaka 10, Doppelbock 10 mpaka 12. Ngati muli ndi chipangizo choyezera kutentha cha kukhitchini, chigwiritseni ntchito. Ngati mulibe, tulutsani botolo mphindi 15 kapena 20 musanatsekule kukakhala kozizira, koma m'mwezi wotentha ngati Okutobala mphindi 10 zakwana. Ndi bwino kuyamba mowa uli wozizirako pang'ono, chifukwa m'tambula udzifundira wokha. Madzi oundana musaponyemo.

Tambula ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Mafuta pang'ono chabe, kaya a ndiwo, a mkaka kapena opaka m'milomo, amapha thovu nthawi yomweyo, ndipo sopo wotsalira amasintha kukoma. Tsukani matambula ndi siponji imene sinakhudze mapoto, tsukuluzani kangapo ndi madzi oyera, ndipo muwasiye aume okha. Kansalu kopukutira mbale kamasiya fungo lake. Musanathire, tsukuluzaninso kamodzi ndi madzi ozizira. Mukathira mowa n'kuona timathovu titamatirira m'mbali mwa tambula m'magulumagulu, dziwani kuti pamenepo panatsala litsiro. Ku Bavaria mowa wotere amamweranso m'makapu adothi okhala ndi chogwirira, ndipo ndi abwino pocheza, koma polawa mufunika tambula yoonekera, yotambasuka pakati ndi yopapatiza kukamwa kuti isunge fungo. Tambula ya vinyo imagwira bwino ntchitoyi. Onse akhale ndi matambula ofanana.

Sankhaninso malo ndi nthawi. Musalawire m'chipinda chimene mwangokazingiramo nsomba kapena chimene wina akusutiramo fodya, ndipo perefyumu tsiku limenelo akhale m'kabati. Tsabola, chingamu ndi mankhwala otsukira mano zimagonetsa lilime kwa nthawi ndithu. Madzulo kusanade, musanadye chakudya chachikulu koma m'mimba muli kanthu, ndiyo nthawi yabwino. Khalani powala koma pamthunzi, chifukwa dzuwa likawomba mowa wa m'tambula mphindi zochepa chabe limasintha zinthu zochokera mu hops n'kutulutsa fungo loipa. Patebulo pakhale madzi akumwa, buledi wopanda chopaka, ndi pepala loyera.

Botolo la theka la lita, lomwe ndilo lodziwika ku Bavaria, limakwanira anthu atatu kapena anayi. Pendeketsani tambula, thirani m'mbali mwake mpaka pakati pa mlingo umene mukufuna, kenako iimikeni n'kuthira pakati penipeni kuti thovu likwere ngati zala ziwiri. Thovu musaliope. Limatulutsa mpweya wochuluka umene ukanakutupitsani mimba, ndipo ndi limene limanyamula fungo.

Nunkhizani musanayang'ane n'komwe mtundu, pakuti fungo lina limathawa msanga. Kokani mpweya pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, osati kamodzi mwamphamvu. Kenako vindikirani tambula ndi chikhatho, izungulitseni mofatsa, vundukulani n'kununkhizanso. Mu Dunkel wabwino mumamva khungu la buledi wongotuluka mu uvuni, mtedza wokazinga, mwina kachokoleti chapatali. Fungo la hops, la ngati udzu wouma kapena zitsamba, limakhala lochepa, mwinanso osamveka. Mu Doppelbock zonsezi zimakula, n'kuwonjezera shuga wofiirira ndi zipatso zouma monga mphesa zoumika. Ukali wa mowa ungamveke pang'ono, koma usalase mphuno ngati spiriti. Lembani mawu oyamba amene abwera m'mutu, ndipo akhale mawu a m'nyumba mwanu. Ngati mwamva mbatata yowotcha, lembani mbatata yowotcha. Palibe chifukwa chobwerekera mayina a zipatso zimene simunadyepo. Mawu obwereka sadzakukumbutsani kanthu mukadzawerenga pepalalo chaka chamawa.

Za maonekedwe sizifuna nthawi yambiri. Kwezani tambula kutsogolo kwa pepala loyera. Mowawu si wakuda bii: ndi wabulauni wozama, ndipo kuwala kukadutsamo kumaonetsa kufiira. Uyenera kuonekera kuseri, pokhapokha palebulo atalemba kuti ndi wosasefa. Thovu likhale la mtundu wa tiyi wamkaka wambiri, la timaso ting'onoting'ono, lokhalitsa. Pa Doppelbock waukali lingaphwe msangako, ndipo pamenepo musamulange kwambiri.

Pa kukoma ndi pamene muyenera kukhalitsa. Kumwa koyamba kumangozoloweretsa m'kamwa, musakulembe. Pa kachiwiri tengani wokwanira kunyowetsa lilime lonse, muusunge kanthawi, mumeze, kenako mutulutse mpweya kudzera m'mphuno pakamwa pali potseka. Olawa vinyo amalavula, koma wolawa mowa amameza, chifukwa zambiri zimamveka mowa utadutsa kale. Mvetserani magawo atatu. Poyamba pamabwera kutsekemera kwa chimera. Pakati pamabwera buledi, mtedza ndi chokoleti zija. Pomaliza pamabwera kuwawa kofatsa kwa hops kumene kumayeretsa m'kamwa. Gawo lomalizali ndilo limasiyanitsa mowa wabwino ndi wapakatikati. Kupanga mowa wakuda wotsekemera n'kosavuta. Chovuta ndi kupanga mowa wolemera ndi chimera umene ukamezedwa susiya m'kamwa muli nyatanyata. Ofulula a ku Bavaria amanyadira mowa umene ukatha kumeza umafuna kumwanso. Choncho mukameza dikirani, muwerenge mumtima mpaka 20, ndipo mudzifunse chimene chatsala. Ngati ndi khungu la buledi ndi kuwawa pang'ono, zili bwino. Ngati ndi manyuchi omata kukhosi, kapena phulusa, chotsani malikisi.

Pali chinanso chimene sichili kukoma koma mmene mowa ukumvekera m'kamwa. Kodi ndi wopyapyala ngati madzi, kapena ukudzaza m'kamwa? Mpweya wake ukulasa lilime ngati wa zakumwa zoziziritsa kukhosi, kapena ndi wofewa? Dunkel akhale pakatikati, wosalala. Doppelbock akhale wonona, wotenthetsa pachifuwa mofatsa popanda kuwotcha kukhosi. Ngati m'kamwa mukuuma ngati mwamwa tiyi wokhalitsa m'ketulo, chimenecho ndi cholakwa. Mukamaliza zonsezi siyani theka la mowawo m'tambula mphindi 10, mumwe madzi, mucheze, kenako mulawenso. Mowa wabwino ukafunda umaonjezera zokoma. Wapakatikati ukafunda umaulula zimene kuzizira kunabisa.

Zolakwa zodziwika zili ndi fungo lake, ndipo chilichonse chimaloza kumene vuto linachokera. Fungo la katoni yonyowa kapena pepala lakale limatanthauza kuti mpweya ndi kutentha zaukalambitsa mowawo, ndipo ndilo vuto lalikulu la mabotolo oyenda ulendo wautali. Fungo la kanyimbi ndi la kuwala. Mabotolo abulauni amateteza bwino kuposa obiriwira, koma kukhalitsa pawindo la sitolo kumawononga ndithu. Fungo la batala, limene limabwera ndi kuterera palilime, limasonyeza kuti mowa unachotsedwa pa yisiti msanga kapena munalowa tizilombo. Fungo la mondokwa wophika kapena kabichi limachokera ku chimera ndi kawiritsidwe kosakwanira. La apulo wosapsa ndi la mowa wosakhwima. Kuwawasa kulikonse, ngati kwa viniga kapena chambiko, m'mowa wa mtundu uwu ndi chizindikiro chakuti wawonongeka. Anthu a ku Munich ali ndi nthano yakuti amonke anatumiza mbiya ya mowa wawo wa Lenti ku Roma kuti Papa aweruze ngati unali wololedwa pa kusala, ndipo pofika kumeneko unali utasasa ndi dzuwa la m'njira, moti Papa anati kumwa chinthu choipa chotero ndi kulapa kokwanira. Ndi nthano chabe, koma chimene ikunena za ulendo ndi kutentha n'choona mpaka lero.

Apa pali kusiyana kofunika. Dunkel sasungidwa, amakoma ali watsopano. Doppelbock, chifukwa cha ukali wake, amapirira, ndipo akasungidwa pamdima pozizira chaka chimodzi kapena ziwiri fungo la zipatso zouma limakula n'kuyamba kufanana ndi vinyo wotsekemera. Ena amakonda zimenezo, inenso ndimazikonda, malinga katoni yonyowa isalowererepo.

Tsopano malikisi. Njira imene ndikukulimbikitsani ndi ya bungwe la ku America lophunzitsa oweruza mowa, Beer Judge Certification Program, imene imagawa malikisi 50 motere: fungo 12, maonekedwe 3, kukoma 20, kamvekedwe ka m'kamwa 5, ndipo 10 otsalawo ndi a chigamulo chanu pa mowa wonse. Ubwino wa kagawidwe kameneka ndi wakuti maso amapatsidwa zochepa. Mowa wokongola wosakoma sungakwere. Pa mlingo wawo, 45 mpaka 50 ndi mowa wapamwamba zedi, 38 mpaka 44 ndi wabwino kwambiri, 30 mpaka 37 ndi wabwino ndithu koma uli ndi pena pokonza, 21 mpaka 29 ndi womweka koma wophonya mtundu wake kapena wokhala ndi zolakwa zing'onozing'ono, ndipo kutsika pa 21 ndiye kuti pali vuto lomveka bwino. Musamwaze malikisi. Mukapereka 48 kwa botolo loyamba, lachiwiri likadzaposa mudzasowa poliika.

Tiyerekeze kuti mwathira Dunkel. Fungo la buledi likumveka bwino koma kuseri kwake kuli kakatoni: 8 pa 12. Mtundu ndi wokongola, thovu lakhalitsa: 3 pa 3. Kukoma kwayamba bwino, pakati pali mtedza, koma kumapeto kwazilala ndipo kutsekemera kwatsalira: 13 pa 20. M'kamwa ndi wosalala: 4 pa 5. Chigamulo chanu: 6 pa 10. Zonse pamodzi 34. Pansi pake lembani deti la palebulo, kumene botolo linagulidwa, mmene linayendera ndi kuzizira kumene munamwera. Popanda zimenezi nambala 34 ikunamizira wofulula, chifukwa mwina amene walephera ndi sitolo kapena sutikesi imene inakhala padzuwa. Mwaweruza botolo limenelo, osati Weltenburg kapena Andechs yonse.

Palinso mafunso awiri amene anthu amawasakaniza: kodi mowawu wapangidwa bwino monga mwa mtundu wake, ndipo kodi ine ndaukonda? Munthu wokonda mowa wowawa angapatse Doppelbock 42 moona mtima n'kulemba pansi pake kuti sangagulenso. Malikisi 40 oyambawo ndi a funso loyamba. Zokonda zanu zilowe m'malikisi 10 omalizawo ndi m'mawu amene mulembe pansi. Kuchotsera Dunkel malikisi chifukwa alibe kuwawa kwa stout ndi kumulanga pa chinthu chimene sanalonjeze.

Pagulu, vuto lathu lalikulu ndi ulemu. Mwini nyumba, kapena amalume amene abwera nalo botolo kuchokera ku Germany, akangoyamba kunena kuti koma mowa ndi umenewu, palibe mlamu kapena mphwake amene angatsutse. Ndiye pangani lamulo musanatsekule: aliyense alembe yekha mwakachetechete, mapepala atembenuzidwe, kenako ayambe kulankhula wamng'ono pa onse, wamkulu ndi wobweretsa botolo amalize. Ngati muli ndi mitundu iwiri kapena itatu, wina amene sakulawa nawo athirire kukhitchini n'kulemba manambala pansi pa matambula, kuti malebulo aonekere pamapeto. Yambani ndi wopepuka kupita ku waukali, lager wamba, kenako Dunkel, kenako Doppelbock, mukumwa madzi ndi kudya kabuledi pakati. Kupitirira mitundu inayi lilime limatopa. Anthu awiri akasiyana ndi malikisi oposa 7, alawenso limodzi ndipo aliyense aloze chimene wamva. Kawirikawiri mupeza kuti wina mphuno yake imagwira batala msanga pamene mnzake saimva n'komwe. Anthu timasiyana pa zimenezi mwachibadwa, ndipo palibe wolakwa.

Chakudya chibwere mapepala atatha. Ku Bavaria mowawu umayenda ndi nyama ya nkhumba yowotcha, buledi wamchere wotchedwa Brezn, ndi tchizi. Pakhomo, nyama yowotcha ya nkhumba kapena ya mbuzi, nkhuku yachikuda yowotcha, mtedza wokazinga wothira mchere pang'ono, zonsezi zimagwirizana nawo chifukwa nazonso zafiirira pamoto. Tsabola wambiri amaukwirira. Doppelbock amakhoza kukhala yekha pamapeto a chakudya, kapena ndi kachidutswa ka chokoleti chakuda.

Ukali wa Doppelbock umabisala m'kutsekemera, ndiye tiwerengere limodzi. Theka la lita la mowa wa maperesenti 7.1 lili ndi magalamu pafupifupi 28 a alcohol. Botolo laling'ono la mamililita 330 la lager wa maperesenti 5 lili ndi magalamu pafupifupi 13. Botolo limodzi la Andechs Doppelbock likuposa mabotolo awiri ang'onoang'ono amene munazolowera. N'chifukwa chake ndikuti ligawidwe kwa anthu atatu kapena anayi. Malamulo a Benedict Woyera, amene amonke a ku Weltenburg, Andechs ndi Ettal amatsata, ali ndi mutu wathunthu, wa 40, wonena za mlingo wa chakumwa. Amene ayendetse galimoto kapena njinga yamoto usiku umenewo akhale wothirira kukhitchini uja. Mayi woyembekezera, munthu amene akumwa mankhwala osagwirizana ndi mowa, ndi amene analeka kumwa, musawakakamize ngakhale kungolawa, ndipo ana asapatsidwe n'kadontho komwe.

Ngati mungapeze botolo limodzi lokha, funani Barock Dunkel amene deti lake likadali kutali, chifukwa ndi amene angakuphunzitseni bwino kukoma kwa chimera chofiirira popanda ukali kusokoneza. Mukapeza awiri, wachiwiri akhale Doppelbock Dunkel wa ku Andechs, ndipo mumulawe pomaliza. M'bale wanu akakufunsani chimene akubweretsereni, muuzeni ayang'ane deti asanalipire, akulunge mabotolowo m'zovala pakati pa sutikesi, ndipo akafika asawasiye m'galimoto yoimikidwa padzuwa.